Miyeso ya Maso Itasanduka Madeti

Tiyanjane ndi Lonjezo, ana anga, mwakhala mukundifunsa chifukwa chimene ndinapumira pa ntchito ndili pa udindo womwewo umene ndinayambira, pamene anzanga ena amene tinaphunzira limodzi anakwera mpaka kukakhala m'maofesi a m'tauni. Nthawi zonse ndimangoyankha kuti mwayi sufanana. Yankho limenelo si labodza, koma ndi lalifupi. Pano ndikufuna ndilembe lalitali, pokhala tsopano nthawi ndili nayo ndipo dzanja langa silinayambe kunjenjemera. Za ubwana wanga ndazisiya. Mukazifuna kafunseni amalume anu, amazikumbukira kuposa ine ndipo amathirako ndi mchere womwe.

Nathenje, zaka zoyamba

Nditamaliza maphunziro a unamwino ananditumiza ku kachipatala kena ka kumudzi, mtunda ndithu kuchokera pamsewu wa tala wa pa Nathenje. Ndinatsika basi ndi sutikesi, ndowa ndi mphasa, ndipo katunduyo anandinyamulira ndi ngolo ya munthu wina amene amachokera kogulitsa chimanga. Mkulu wa chipatalacho anali Bambo Chidzanja, munthu wamtali, wowonda, wosakonda kuseka pa ntchito. Sabata yoyamba ndinkawaopa kwambiri moti akandiitana ndinkayamba ndayang'ana ngati yunifomu yanga ili bwino. Tinali anthu atatu okha ogwira ntchito, pamene odwala ankayamba kufika dzuwa lisanatuluke. Mankhwala akatha tinkalembera anthu pa buku lawo kuti akagule, tikudziwa kuti ambiri sakagula. Magolovesi tinkawachapa n'kuwayanika kuseri. Zimenezi sindikudandaula, ndikungonena mmene zinalili.

Bambo Chidzanja ali anyamata anachitako maphunziro a maso, ndipo Lachinayi lililonse ankalipatula kuti likhale la anthu odwala maso. Tsiku lina anandiitana pansi pa mtengo wa mango pamene ankapachika tchati yawo, n'kunena kuti, "Mayi Nambewe, ine ndikukalamba. Ntchito iyi ikufunika miyendo ina. Gwirani chingwe ichi." Chingwecho chinali cha mamita asanu ndi limodzi, chokhala ndi mfundo pa mita iliyonse. Wodwala ankaima kumapeto kwa chingwe, atatseka diso limodzi ndi chikhatho. Pa tchatipo panali chilembo chimodzi chokha cha E, chachikulu pamwamba, chikucheperachepera kutsika pansi, miyendo yake italoza mbali zosiyanasiyana. Munthu sankafunika kudziwa kuwerenga, ankangoloza ndi zala kumene miyendoyo yaloza. Akaona mpaka mzere wa tizilembo tating'ono tinkalemba 6/6, kutanthauza kuti diso lili bwino. Akalekezera pamwamba pang'ono tinkalemba 6/9, kapena 6/12, mpaka amene waona chilembo chachikulu chokha tinkamulembera 6/60. Akalephera nachonso tinkamuyandikiza pa mfundo yachitatu n'kulemba 3/60, kapena pa mfundo yoyamba n'kulemba 1/60. Kupitirira apo ndiye kuti munthu akungoona dzanja likugwedezeka, kapena kuwala kwa tochi kokha, ndipo zimenezo tinkalemba ndi zilembo osati manambala.

Ndikukumbukira tsiku limene ndinalembera mayi wina 6/18 chifukwa anali atatopa, ine ndinali nditatopanso, ndipo ndinangoganiza kuti ndi pamene angalekezere. Bambo Chidzanja anatenga bukulo, anamuimikanso mayiyo pa chingwe, n'kumuyeza okha. Anapeza zomwezo. Koma sananditamande. Anati, "Lero mwalasa. Mawa mudzaphonya, ndipo wophonyedwayo sadzadziwa n'komwe. Muzilemba zimene mwayeza." Ndinakhala nawo zaka zambiri ndithu, ndipo atapuma anandisiyira tchati ija ndi chingwe chake. Ku Nathenje komweko ndi kumene ndinakumana ndi bambo anu, amene ankaphunzitsa pa sukulu ya pulayimale yoyandikana nafe ndipo ankabwera kudzayezetsa maso kawirikawiri kuposa mmene maso abwinobwino amafunira.

Mitundu, zaka zapakati

Bambo anu atawasamutsira ku sukulu ina ya ku Mitundu, inenso ndinapempha kusamuka, ndipo patapita miyezi anandipatsa malo pa chipatala china chaching'ono cha kuderalo. Iwe Tiyanjane unali utayamba sitandade wani, Lonjezo ali kumsana. Kumeneko ndinakhalitsa mpaka kupuma. Akuluakulu a chipatala ankasinthasintha, koma amene ndikufuna kunena ndi Bambo Kachingwe, amene anabwera ine nditayamba kale kumera imvi za m'mbali. Anali munthu wansangala, wothandiza, wosasunga mangawa. Chimene ankadana nacho n'kuchedwa kwa malipoti. Ankakonda kunena kuti chipatala chochedwa ndi lipoti chimachedwanso kulandira mankhwala, ndipo sankanama.

Nthawi imeneyo kunabwera bungwe lina la m'tauni limene chaka chilichonse linkakonza sabata ya maso. Madokotala ankasonkhana pa chipatala china cha mishoni n'kumachotsa ng'ala m'maso mwa anthu mwaulere, ndipo basi inkabwera kudzatenga odwala. Mabedi anali ochepa, madera ambiri, choncho madokotala ankasankha okha oyenera kupita poyang'ana miyeso imene ife tatumiza. Ntchito yanga inali kuyendera midzi ya mbali ya Malingunde mpaka m'munsi mwa Dzalanyama, kuyeza anthu, kulemba muyeso m'buku la kuchipatala la munthu aliyense, ndi kukopera pa mapepala otumiza. Ndinkayenda ndi a Mbalame, mlangizi wa zaumoyo, bambo wachikulire amene anali ndi njinga yamoto ya ntchito. Mafuta akasowa tinkapalasa njinga zathu.

Pakati pa anthu amene ndinkawatsatira panali Che Saidi, telala wa pamsika wa Mitundu. Ndi amene ankasoka mayunifomu anu a sukulu. Ng'ala inawayamba pang'onopang'ono. Poyamba ankatulutsa makina pakhonde kuti awone bwino, kenako akazi awo ndi amene ankawalowetsera ulusi pa singano, kenako anthu anayamba kubweza zovala chifukwa msoko wapotoka. Chaka china ndinawayeza, madokotala anati adikire kaye, alipo ovutika kuposa iwo. Chaka chotsatira ndinapeza 3/60 maso onse awiri, makina atawaphimba ndi chitenje. Anandifunsa kuti, "Anesi, ulendo uno dzina langa lituluka?" Ndinati, "Ndi muyeso uwu, Che Saidi, sangakusiyeni." Iwo anangoti, "Inshallah."

Chaka chimene laputopu inabwera

Chaka chomwecho bungwe lija linatipatsa laputopu. Anatiitanira ku msonkhano wa tsiku limodzi m'tauni, anatisonyeza poyatsira, potsegulira fayilo, ndi mmene timabokosi ta m'fayilomo tayalidwira: dzina, mudzi, zaka, diso lamanja, diso lamanzere. Anati mapepala athetsedwa, tizilemba m'buku la wodwala ndi m'laputopu basi, pamudzi pomwepo. Mmawa wonse unathera pa malonje ndi zolankhula za alendo, ndipo zoyeserera zinangokhala za mayina. Palibe amene analemba muyeso wa diso ngakhale umodzi tsiku limenelo.

Ulendo woyamba kumudzi, ndinakhala pa benchi ya tchalitchi, laputopu pamiyendo, anthu atandizungulira kudzaona. Ndinayeza bambo wina, ndinalemba 6/60, n'kudina batani lotsikira pansi. Nditayang'ana m'kabokosimo munali mutalembedwa Jun-60. Ndinafufuta, ndinalembanso, zomwezo. Wotsatira anali ndi 6/9, ndipo makinawo analemba 6-Sep. Wa 6/12 anasanduka 6-Dec. Ndinaitana a Mbalame. Anayang'anitsitsa, anakanda m'mutu, n'kunena kuti, "Anesi, chinthuchi chikuyesa kuti mukulemba masiku obadwa." Anali atalasa. Pulogalamu imeneyo ikaona manambala awiri olekanitsidwa ndi kamzere imaganiza kuti munthu akufuna kulemba deti, ndiye imamuthandiza osamufunsa. Okhawo amene ndinkawalembera ndi zilembo, aja ongoona dzanja kapena kuwala, ndi amene ankakhala mmene ndalembera.

Nditabwerera ndinakauza Bambo Kachingwe. Anaseka n'kunena kuti, "Musadandaule mayi, a m'tauni makompyutawa amawadziwa. Akaona Jun-60 adziwa okha. Inu pitirizani, tidzakonza potumiza." Ndinapitiriza. Patapita masabata maso anga anazolowera, ndikaona Mar-60 ndinkawerenga 3/60 osaganizanso. Ndinamaliza midzi yonse mvula itayamba kale mphamvu.

Tsiku lotumiza, Bambo Kachingwe anati ndiwabweretsere laputopu kuofesi kwawo. Anafuna kuti fayilo yathu ikaoneke yaudongo. Anati, "Vuto ndi loti timabokositi takhala ta madeti. Tikangotiuza kuti ndi ta manambala, zibwerera." Zinamveka zanzeru, inenso ndinavomera. Anasankha mizere iwiri ya maso ija, anadina pamene panalembedwa Number, anasunga fayilo, n'kuitseka chifukwa wodwala anali atagogoda. Titaitsegulanso, madeti aja kunalibe, koma 6/60 nayenso kunalibe. Munali manambala aataliatali. Pa dzina la Che Saidi panali 21976 maso onse awiri. Ena anali ndi 22068, ena manambala opitirira zikwi makumi anayi. Tinayesa kudina pamene panalembedwa Text, manambalawo anangosunthira mbali ina ya kabokosi. Tinayesa General, osasintha. Pamene panalembedwa Date tinapadumpha dala, chifukwa madetiwo ndi amene tinkathawa. Bambo Kachingwe thukuta linali kamukamu. Pomaliza anati, "Titumize chonchi, akakonza komweko."

Sabata ya intavyu

Tsopano ndinene za mbali ina ya moyo wanga nthawi imeneyo. Kwa zaka zambiri ndinkafunsira malo a maphunziro owonjezera a maso, a miyezi ingapo ku koleji, amene akanandikweza udindo ndi kundilola kuchita zambiri kuposa kuyeza ndi kutumiza. Kawiri konse sanandiyankhe. Chaka chimenecho anandiitana ku intavyu, Lachitatu la sabata ina ya mu Febuluwale, ku Lilongwe. Maphunzirowo anali ndi malire a zaka zakubadwa, ndipo kwa ine chimenecho chinali chaka chomaliza. Bambo anu anandigulira nsapato zatsopano. Madzulo aliwonse ankandifunsa mafunso a m'buku ngati mwana wa sitandade eyiti.

Lolemba la sabata yomweyo foni inalira. Anali bambo wina woyang'anira za mayendedwe ndi mabedi ku bungwe lija. Anati, "Mayi, fayilo yanu madokotala aibweza. Atengapo anthu ochepa okha amene miyeso yawo ikuwerengeka. Enawa muli manambala osadziwika, ndipo dokotala sangang'ambe diso la munthu chifukwa cha 22068." Ndinawafotokozera zimene zinachitika, n'kufunsa ngati wa makompyuta wawo sangakonze. Anati mayi amene amadziwa zimenezo apita ku maliro a bambo awo kumpoto, foni yawo sikupezeka. "Tikupatsani mpaka Lachisanu. Ikapanda kufika miyeso yeniyeni, mabediwo tipereka ku madera ena. Si nkhanza mayi, odikira ndi ambiri."

Miyeso yeniyeni inalipo, koma inali m'mabuku a odwala, m'midzi, pakati pa dzinja. Bambo Kachingwe anandiitana. Ankadziona wolakwa, ndipo ankadziwa za intavyu yanga chifukwa kalata yondivomereza anasaina ndi iwo. Anati, "Mayi Nambewe, inu pitani ku Lilongwe. Taonani, manambalawa akubwerezabwereza. Inu mukukumbukira kuti telala uja anali 3/60, ndiye aliyense wa nambala yake timulembere 3/60. Enawo tingoyerekeza, nambala yaing'ono diso loipa, yaikulu diso labwino. Ndisaina ndine." Maganizo amenewo inenso anali atandifikira. Koma anthu amene ndinkakumbukira miyeso yawo motsimikiza anali ochepa, ndipo sindinkadziwa ngati makinawo anasintha onse mofanana kapena anangosakaniza. Ndinaonanso mayi wina amene ndinkakumbukira kuti amayenda yekha kupita kumunda ali ndi nambala yaing'ono kuposa ya Che Saidi. Tikanatsata kuyerekezako, iye akanakwera basi, wina wosaona n'komwe akanatsala. Ndinati, "Bwana, a Mbalame apite okha kumidziko kukakopera mabuku?" Anati a Mbalame angawerenge mabuku, koma amene mabuku awo atayika kapena anyowa ayenera kuyezedwanso, ndipo kuyeza sadziwa.

Ndinaimbira ku koleji kupempha kuti andisinthire tsiku. Mayi amene anayankha anali waulemu, koma anati ofunsa mafunso amakhala tsiku limodzi lokha. Kunyumba ndinapeza bambo anu akuchonga makope pakhonde. Nditawafotokozera anavula magalasi n'kunena kuti, "Amake Tiya, zaka zonsezi mwakhala mukudikira tsiku limeneli. Mupite Lachitatu, midzi muyende Lachiwiri ndi Lachinayi." Ndinati, "Midzi ya ku Dzalanyama mvula ino siyendeka masiku awiri. Ngakhale anayiwo ndikukayika." Anati, "Nanga mukapita kusukuluko simudzathandiza anthu ochuluka kuposa awa?" Ndinati, "Mwina. Koma awa ndinawaimika pa chingwe ndine, ndipo ena ndinawalonjeza. Akatsala adikira chaka china, ndipo chaka kwa nkhalamba yosaona si chaka chathuchi." Sanandikakamize. Anangoti, "Mwaganiza bwinobwino?" Ndinati sindinaganize bwinobwino, koma ndaganiza. Iwo anabwezera magalasi kumaso, koma ndinaona kuti kope limene anagwira sanalitembenuze mpaka kunada.

Tinanyamuka Lachiwiri m'mamawa ndi a Mbalame, laputopu itakulungidwa m'pepala lapulasitiki, tchati ndi chingwe zili m'chikwama. Uthenga tinatumiza kudzera m'matchalitchi, m'mizikiti ndi kwa ana asukulu kuti aliyense amene anayezedwa maso atulutse buku lake. Ena anabwera nawo atawasunga m'mapepala a shuga, oyera ngati atsopano. Ena anawasolola kudenga atadyedwa ndi chiswe. Bambo wina anati buku lake mwana anakulungira fodya. Onse otere ndinawayezanso. Polemba m'laputopu ndinasiya kamzere kaja, ndinkalemba m'Chichewa, 6 pa 60, 3 pa 60, ndipo makinawo sanachitepo kanthu chifukwa Chichewa sankachimva. Ndinadzifunsa chifukwa chimene nzeru imeneyi sinandifikire tsiku loyamba lija pa benchi ya tchalitchi, koma funso limenelo silikanandifupikitsira njira.

Lachitatu m'mawa, nthawi imene anzanga ankalowa m'chipinda cha intavyu, ine ndinali nditavula nsapato ndikuwoloka kamtsinje kodzaza, a Mbalame akukankha njinga yamoto ndi anyamata ootcha makala amene tinawapeza pamenepo. Sindinalire. A Mbalame ankadziwa, ndipo tsiku lonselo sanatchule za Lilongwe. Anangondigulira chimanga chootcha pamudzi wina, chinthu chimene zaka zonse zimene tinayenda limodzi anali asanachitepo.

Pamudzi womaliza wa m'munsi mwa phiri, nditamaliza kukopera mabuku, mayi wina wonyamula nkhuni anandiyandikira n'kunena monong'ona kuti, "Anesi, mayi anga sanayezedwe ulendo uja. Ine ndinali kunkhalango, panalibe wowagwira dzanja." Ananditengera kuseri kwa nkhokwe, ku kanyumba kamdima. Mkatimo munakhala gogo wina wamng'ono thupi, a Nangozo, atatambalala pa chiguduli. Mwana wawoyo anati papita zaka asakutuluka okha, ndipo anawamangira chingwe kuchokera pakhomo kukafika kuchimbudzi. Nditawapatsa moni anatembenuzira khutu kwa ine osati nkhope. Anati, "Ndani ameneyu wa mawu okoma? Bwera pafupi, mtsikana iwe." Ndinawaunika ndi tochi. Maso onse awiri anali oyera ndi ng'ala yokhwima, koma kuwala ankakuona, ndipo ankaloza molondola kumene kukuchokera. Diso lotero dokotala amatha kulithandiza. Ndinawafunsa ngati angalole kupita kukachotsedwa ng'ala. Anati, "Akandipha kumeneko?" Ndinati ayi, ndipo ndikakhala nawo. Anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Ukanama, mtsikana iwe, Mulungu akuona. Iyeyo ng'ala alibe."

Lachisanu fayilo inapita. Sitinawapeze onse. Mabanja ena anali atapita ku maliro kutali, ndipo mudzi umodzi sitinaufike chifukwa mlatho unakokoloka. Amenewo anadikira chaka china, ndipo mmodzi mwa iwo sanachifike.

Mwezi wa Epulo, chaka chomwecho

Mvula itasiya basi inabwera, ndipo ndinapita nawo odwala anga ku chipatala cha mishoni chija. Kumeneko ndinakumana ndi Mayi Msiska, wa makompyuta uja, atavalabe zakuda. Anandifunafuna okha. Anati anaona fayilo yanga ya 6 pa 60 ndipo anaseka koyamba chichokereni ku maliro. Tinakhala pa benchi ya panja pa wodi, n'kutsegula laputopu. Anati, "Vuto limeneli si lanu nokha, mayi. Limavutitsa ngakhale madokotala. Tinalakwitsa ndife, fayiloyo tikanaikonza tisanakupatseni." Anandisonyeza njira ziwiri. Yoyamba, musanalembe kalikonse, musankhe mzere wonse wa timabokosi, mudine batani lakumanja la mbewa ya kompyuta, mupite pa Format Cells, musankhe Text. Mukatero makinawo amasunga chilichonse mmene mwachilembera. Koma muyenera kuchita zimenezi musanalembe, chifukwa mukachita mutalemba kale mupeza manambala aatali aja. Yachiwiri, ngati mwaiwala, muyambe mwadina kachizindikiro kaja kokhala m'mwamba kamene timaika polemba ng'ombe kapena m'mudzi, kenako mulembe 6/60. Kachizindikiroko sikaonekera m'kabokosi, koma kamauza makinawo kuti asakhudze. Ndinayesa ndekha. Ndinalemba, ndinadina, ndipo 6/60 anakhala 6/60. Ndinayesanso ndi 6/9 ngati mwana amene wapatsidwa choseweretsa.

Kenako anatsegula fayilo yakale ija ya manambala aatali. Anati, "Awanso sanatayike. Kompyuta imasunga deti ngati chiwerengero cha masiku, ndiye manambala mukuonawa ndi madeti omwe aja atavula malaya." Anasankha mizere iwiri ija, anadina Date, pamene ife tinkapadumpha paja, ndipo madeti onse anabwerera. Pa dzina la Che Saidi panaoneka tsiku loyamba la Malichi 1960, kutanthauza 3/60. Sizinatenge nthawi yokwana kumwa kapu ya madzi. Anandiyang'ana akumwetulira, koma ataona nkhope yanga anasiya. Anati, "Mayi, kodi ndanena cholakwika?" Ndinati ayi. Sindinawauze za intavyu. Anali ndi chisoni chawo kale, ndipo sanasankhe kuti bambo awo amwalire sabata imeneyo. Ndinawathokoza, ndinapita kuseri kwa wodi kumene amayanika mabulangete, ndipo kumeneko ndi kumene ndinalira.

Ana anga, ichi ndi chimene ndakhala ndikuchitembenuza m'mutu zaka zonsezi. Ndikanakonda kukuuzani kuti ndinataya sukulu chifukwa panalibe njira ina. Njira inalipo, inali pansi pa chala changa, ndipo sindinaidziwe. Masiku ena ndimakwiyira amene anapanga makina oganizira munthu zimene sananene. Masiku ena ndimakwiyira msonkhano uja umene unathera pa malonje. Bambo Kachingwe sindinawakwiyirepo, ankafuna kukonza, ndipo atamva anabwera kunyumba kudzapepesa kwa bambo anu ngati kuti athyola mpanda. Koma ndikadzifunsa ngati ndinasankha molakwa, ndimapeza kuti munthu amasankha ndi zimene akudziwa tsiku limenelo, osati zimene adzadziwe mu Epulo. Kuyambira pamenepo namwino aliyense watsopano amene ankabwera, ndisanamusonyeze kumene timasunga mankhwala, ndinkayamba ndamukhazika pa laputopu n'kumulembetsa 6/9.

Che Saidi anawachita diso limodzi chaka chimenecho, linalo chaka chotsatira. Anabwerera pa makina awo ndipo anasoka mpaka mwana wawo atatenga malowo. Koma chimene ndimakumbukira kwambiri ndi mmawa umene ankamasula mabandeji. Odwala anawakhazika pamzere pakhonde, ndipo namwino wa pamenepo ankayenda kuchotsa mmodzimmodzi. Ena ankangokhala duu, ena ankayamba nyimbo, bambo wina anayang'ana zikhadabo zake n'kufunsa chifukwa chimene palibe anamuuza kuti zatalika chonchi. Ine ndinagwada pafupi ndi a Nangozo, maso anga akadali otupa ndi kulira kwa dzulo lake. Bandeji itachoka anaphethira kangapo, misozi ikutsika. Anayang'ana denga, anayang'ana mwana wawo uja n'kumugwira tsaya, anayang'ana chitenje chimene anavala n'kunena kuti sichawo, chawo sichinali chonyansa chonchi. Kenako anayamba kuunguzaunguza.

"Ali kuti mtsikana uja anandibweretsa?"

Ndinati, "Ndili pano, agogo."

Anatembenuka, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka m'manja, n'kubwereranso kumutu. Anatambasula dzanja n'kukhudza tsitsi langa pamene kapu ya unamwino inalekezera.

"Aa! Kani ndinu achikulire? Imvi zonsezi! Ine kumakutchulani mtsikana masiku onsewa, inu osandidzudzula?"

Khonde lonse linaseka, inenso ndinaseka mpaka kukhala pansi. Iwo sanaseke. Anakonza chitenje chawo, anawomba m'manja mwaulemu monga amachitira kwa munthu wamkulu mnzawo, n'kundipatsanso moni kuyambira pachiyambi: "Muli bwanji, mayi?"